Kodi social impact bond imathandiza mabungwe osapanga phindu kapena imangowasenzetsa mtolo?

Kadziwe:
Akuluakulu, ndithandizeni. Bungwe lothandiza anthu likalowa mu social impact bond, chimasintha n'chiyani pa kagwiridwe ka ntchito? Nanga zinthu zikapanda kuyenda, ngongole imagwera ndani?

Msungichuma:
A Kadziwe, mawu akuti "bond", omwe nthawi zambiri amatanthauza ngongole, asakusokonezeni, bungwe silikongola ndalama. Oika ndalama ndiwo amapereka zoyambira, bungwe limagwira ntchito, wowunika woima payekha amayeza zotsatira, ndipo boma limabwezera oika ndalamawo, ndi phindu pamwamba, pokhapokha zomwe anapangana zatheka. Zikakanika, otaya ndi iwowo.

Social impact bond yoyamba inali ya ku ndende ya Peterborough ku England, mu 2010. Bungwe la Social Finance linasonkhanitsa mapaundi 5 miliyoni kuti mabungwe monga St Giles Trust azithandiza akaidi aamuna a zilango zosakwana chaka akamatuluka. Anapangana kuti kulakwanso kutsike ndi 7.5 peresenti poyerekeza ndi akaidi ofanana nawo a ndende zina. Kunatsika ndi 9 peresenti. Chokoma kwa bungwe n'chakuti ndalama zimakhalapo za zaka zingapo, osati kulemba zopempha chaka ndi chaka.

Koma werengani mgwirizano mofatsa. Migwirizano ina imasunga gawo la malipiro a bungwe mpaka zotsatira zitatuluka. Zikatero chiopsezo chalowa m'nyumba mwanu, pomwe antchito akufuna malipiro mwezi ndi mwezi.

Wowunika:
Ine ndikuti vuto lalikulu lili pa muyeso. Chomwe chalembedwa kuti chiziyezedwa ndicho chimalamula ntchito yonse. Ngati malipiro akudalira kuti munthu wapeza ntchito n'kukhalapo miyezi isanu ndi umodzi, wantchito wa bungwe amayamba kuthamangira amene ali pafupi kulembedwa ntchito. Wosowa pogona, womwa mwauchidakwa, amatsalira, chonsecho ndi amene bungwelo linakhazikitsidwira. Ku Peterborough anatseka mpata umenewu powerengera akaidi onse oyenera thandizolo, kaya analandira thandizo kaya anakana. Kakamirani zoterezi.

Kenako zolembalemba. Munthu aliyense amafunika chikalata chovomereza kuti mbiri yake igwiritsidwe ntchito, tsiku lomwe munakumana naye, ndi umboni wa chotsatira. Umboni ukasowa, ntchito munagwira ija siwerengedwa. Ikani m'bajeti munthu wosunga ziwerengero ndi kompyuta yake, apo ayi alangizi anu azithera Lachisanu lonse pa mafomu.

Onaninso za ku ndende ya Rikers Island ku New York. Mu 2012 banki ya Goldman Sachs inaikapo ndalama zothandizira achinyamata a m'ndende, bungwe lopereka thandizo la Bloomberg Philanthropies n'kulonjeza kubwezera bankiyo gawo lalikulu zikalephereka. Owunika a Vera Institute of Justice anapeza kuti kubwerera kundende sikunatsike, ndipo ntchitoyo inaimitsidwa mu 2015. Boma la mzindawo silinalipire oika ndalama. Koma dzina lomwe limamatidwa ku ntchito yolephera ndi la bungwe lomwe linali ndi anawo tsiku ndi tsiku.

Kadziwe:
Ndiye bungwe laling'ono lingayerekeze?

Mkhalapakati:
Movutikira. Kukambirana mgwirizano kumatha chaka kapena kuposerapo, maloya akudya ndalama, ndipo nthawi ya mkulu wa bungwe palibe amailipira. Oika ndalama amafunanso umboni wa zaka zam'mbuyo, womwe mabungwe ang'onoang'ono sakhala nawo. Ambiri amalowa ngati ogwira gawo pansi pa bungwe lalikulu.

Mukafika posaina, funsani kuti boma likasintha ndondomeko pakati pa ulendo chidzachitike n'chiyani. Ku Peterborough komweko akaidi anawagawa m'magulu atatu, ndipo gulu lachitatu linachotsedwa mu mgwirizano wolipira potengera zotsatira, boma la Britain litasintha kayendetsedwe ka ntchito yoyang'anira otuluka kundende. Palembedwe kuti adzakuchenjezani kutatsala miyezi ingati, ndani adzalipire antchito ochotsedwa, komanso anthu omwe thandizo lawo lili pakati adzatumizidwa kuti.