Malaiti athima, matabu onse apita nawo

aPhiri, Kapata: Anzanga a ma business centre, mwaswera bwanji? Ndithandizeni. Dzulo ndinali ndi anthu anayi pabenchi: wina wa TPIN (nambala ya msonkho), wina wofuna ndimuprintire stetimenti ya NAPSA (bungwe la penshoni), awiri a mafomu a koleji. Mu Chrome, pulogalamu yotsegulira intaneti, munali matabu (masamba otsegulidwa) 14. Malaiti anangoti thii, ndipo UPS yanga, kabokosi kosungira kompyuta magetsi, batire yake inafa kalekale. Poyatsa jenereta, Chrome inatuluka mbee, yopanda kanthu. Ndinataya pafupifupi ola kusakasaka masamba aja, mayi mmodzi mpaka ananyamuka n'kupita kumashopu a ku Down Shops. Kodi palibe njira yowabwezera?

aNaBanda, Katete: Pepani achimwene. Ikangotseguka, dinani Ctrl, Shift ndi T pamodzi. Ambiri amangodziwa kuti imabweza tabu imodzi yomwe watseka mwangozi, koma ukaidina Chrome itangoyaka kumene imabweza windo yonse. Nthawi zina imakufunsani yokha pakona, ndi kabatani kolembedwa Restore. Mwina munakatseka pothamangira makasitomala.

aPhiri, Kapata: Kabatani kaja ndinakaona ndithu, ndinayesa ndi zotsatsa malonda. Kalanga ine!

aTembo, Petauke: Mulowenso mu Settings, pa On startup, musankhe Continue where you left off. Ine ndinatero mu 2024, madzi atatsika ku Kariba, malaiti akumabwera usiku tili m'tulo. Kuyambira pamenepo ndikayatsa makina zonse zimabwerera momwe ndinazisiyira. Koma musadzandinene: tsamba limabwera, zomwe munalemba mufomu kawirikawiri sizibwera. Kalata yaitali ndimayamba ndailemba mu Word n'kuisunga, kenako ndimaimata ndi Ctrl, Shift ndi V kuti ilowe yopanda mitundu ndi zilembo za kwina.

aZulu, Mchini: ATembo, pamenepo nditsutsako pang'ono. Setingi imeneyo simangosunga masamba okha, imasunganso kulowa kwa munthu. Ngati kasitomala sanatuluke mu imelo yake, mawa mukayatsa mupeza ikadali chitsegukire. Kwa ine zinachitikapo: mnyamata wina anakhala pampando n'kupeza makalata a mphunzitsi amene analipo dzulo lake, ndi payslip yomwe. Mwayi wake mnyamatayo anali waulemu, anandiitana. Akanakhala wina bwenzi nkhani itafika kupolisi, dzina la shopu n'kuipa.

aNaBanda, Katete: Ndiye tisankhe chiti, kutaya matabu kapena kutaya mbiri ya shopu?

aZulu, Mchini: Palibe chotaya amayi. Dinani kachithunzi ka munthu kali pamwamba kudzanja lamanja. Pangani profile yanuyanu ya ntchito, muikemo setingi ya aTembo ndi masamba omwe mumatsegula tsiku ndi tsiku, monga ZRA ya misonkho, NAPSA ndi PACRA yolembetsa mabizinesi. Aliyense wolowetsa password yake mumutsegulire Guest, windo ya mlendo, ili pomwepo. Mukatseka windo ya Guest, zonse zomwe anachita zimafufutika, kupatula mafayilo amene anadawuniloda. Amenewo amatsala mu Downloads, muziwachotsa nokha madzulo. Ma NRC (ziphaso zaunzika) a anthu osikanidwa amangodzaza mmenemo ngati zikopa za nthochi pamsika.

aTembo, Petauke: Zoona akulu. Kungoti Guest malaiti akathima sibwerera, ngakhale mudine Ctrl, Shift, T mpaka chala chitupe. Incognito, windo yachinsinsi ija, ndi chimodzimodzi.

aZulu, Mchini: Eya, ndipo n'zimene tikufuna. Munthu alowenso kachiwiri, ndi mphindi ziwiri zokha.

aMwale, Lundazi: Ndangofika, ndinali kotenga tona ya printa. APhiri, matabu 14 pamakina a RAM (memory) ya 4GB yokha ngati anu aja ndi katundu wa ngolo pa njinga. Mu Settings, pa Performance, yatsani Memory Saver, imagoneka matabu omwe simukuwagwiritsa ntchito. Ikayamba kukwawa, Shift ndi Esc zikuonetsani tabu imene ikudya kwambiri. Kwa ine nthawi zonse imakhala Facebook ya mtsikana wondithandiza. Ndipo poti tanena za tona: poprinta tsamba la pa intaneti, dinani More settings muchotse chizindikiro pa Background graphics ndi pa Headers and footers. Ngati mukufuna ndime imodzi yokha, iunikeni kaye ndi mausi, mudzaona Selection only. Ana a sukulu obwera ndi manotsi ndimawatsegulira mu Firefox, pulogalamu ina yonga Chrome, n'kudina F9, zotsatsa zonse zimachoka, pamatsala mawu okha.

aPhiri, Kapata: Zikomo nonse. Ndapanga profile, ndaika setingi, kenako ndazula chingwe dala kuti ndione. Matabu onse abwerera, kungoti fomu yomwe ndinayamba kulemba yabwera yopanda kanthu monga ananenera aTembo. Mu Downloads ndapezamo ma NRC a anthu kuyambira chaka chatha, ndili mkati mofufuta. AMwale, batire ya UPS mumagula kuti?

aMwale, Lundazi: Ndimaitanitsa ku Lusaka pa basi. Ndikutumizirani mtengo pambali.