Kodi "dipo" ndi chiyani kwenikweni, ndipo limaperekedwa kwa ndani?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Lamulungu lapitali abusa anawerenga Marko 10:45, pamene pamati Mwana wa munthu anadza kudzapereka moyo wake dipo. Mawuwa ndawamva kuyambira ku Sande sukulu koma sindinawafunsepo. Malemu agogo anga ankati "dipo" akamanena nkhuku yopita kwa sing'anga. Ndiye dipo ndi malipiro wamba? Nanga ngati Yesu ndi dipo, wolandirayo anali ndani? Mwana wanga wandifunsa ndipo ndangomuuza kuti adye kaye nsima.

Gogo wa ku Dedza:
Mwanawe, usasokoneze dipo ndi chindapusa. Chindapusa ndi cha wolakwa, amalipa yekha pabwalo. Dipo limaombola munthu amene ali m'manja mwa ena ndipo sangadzitulutse. Kale munthu akagwidwa ukapolo kapena akasungidwa chikole pa mlandu, abale ake ndiwo ankasonkha mbuzi kukamuombola. Za sing'angazo n'zoona, nayonso timati dipo.

Mphunzitsi wopuma:
Zikomo agogo, pamenepo mwakonza. Koma achimwene, funso la mwana wanuyo si lachibwana, linavutitsa mpingo zaka mazana ambiri.

Aphunzitsi ambiri akale ankaganiza monga mwanenera agogomu: munthu ali m'manja mwa Satana, ndiye dipo lipite kwa womugwirayo. Gregory wa ku Nyssa anayerekeza ndi mbedza, kuti umunthu wa Khristu unali nyambo, umulungu wake mbedza yobisika, Satana n'kumeza zonse. Augustine anatchula mtanda kuti msampha wa mbewa. Amene munatcherapo diwa mukudziwa, kambewuko kamaoneka koma mwala suoneka ngati ngozi.

Amene anagwetsa maganizo amenewa ndi Anselm, bishopu wamkulu wa ku Canterbury kuyambira 1093. Atayambana ndi mfumu William Rufus anachoka ku England mu 1097, ndipo ali ku Italy mu 1098 anamaliza buku lotchedwa Cur Deus Homo, kutanthauza kuti n'chifukwa chiyani Mulungu anakhala munthu. Analilemba ngati macheza ndi wophunzira wake Boso, amene amafunsa mosaopa. Mfundo yake ndi yakuti Satana ndi wakuba chabe. Kodi mbala ikakubera ng'ombe umailipira kuti ibweze? Satana ndi munthu onse ndi akapolo a mwini mmodzi, wina ananyenga mnzake, basi. Ngongole yeniyeni ili kwa Mulungu, amene munthu anamulanda ulemu wake pochimwa. Woyenera kubweza ndi munthu, koma alibe chobwezera, chifukwa kumvera konse kumene angapereke n'kwa Mulungu kale. Wotha kubweza ndi Mulungu yekha, koma wangongole si iye. Choncho pafunika mmodzi amene ali zonse ziwiri. Boso atanena kuti kulapa ndi kusala kudya kungakwanire, Anselm anamuyankha kuti sanaganizirebe kulemera kwa tchimo.

Ine ndimaona kuti apa Anselm anachoka pa dipo la agogoli n'kufika pa kupepesa mfumu imene mwainyoza pamaso pa anthu ake. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale pa guwa timazisakaniza.

Mlongo wa mu kwaya:
Aphunzitsi, ndiye Mulungu akudzilipira yekha? Ine zikundivuta. Bambo wanji amene sangakhululuke mpaka magazi a mwana wake atakhetsedwa?

Mphunzitsi wopuma:
Achemwali, Peter Abelard, mphunzitsi wa za Mulungu wa ku France, anafunsa zomwezo patangopita zaka makumi angapo, m'ndemanga yake ya kalata ya Aroma. Iye anati mtanda umationetsa chikondi chachikulu kotero kuti chimayatsa chikondi mwa ife, ndipo chikondicho n'chimene chimatimasula. Bernard wa ku Clairvaux, mkulu wa amonke, anakwiya nazo, nati zikumusandutsa Khristu chitsanzo chabe, ndipo Abelard anatsutsidwa pa msonkhano wa mabishopu ku Sens, ku France, cha m'ma 1140. Kenako John Calvin, amene buku lake lalikulu linatuluka koyamba mu 1536, anatsindika za chilango, kuti Khristu anaima m'malo mwathu pa mlandu n'kulandira chigamulo chathu. A CCAP ambiri ndi zimene tinakulira, mwina osadziwa kuti zili ndi mwini.

Gogo wa ku Dedza:
Chilango cha wina kulandira wina, chimenecho kwathu si dipo. Dipo ndi katundu wopita, munthu n'kubwera.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Mwanayu ndamufotokozera za diwa, wazikonda kwambiri. Nditafika pa Anselm wandifunsa kuti ngati Satana sanalandire kanthu, anamasuliranji anthuwo. Aphunzitsi, mukadalipo?