Kukoka kagalimoto kumbuyo kwa motorhome

Mayi_wa_ku_Leeds: Abale, ine ndi bambo akunyumba tagula motorhome yakale, galimoto yokhala ndi malo ogona ndi ophikira. Tikufuna kupita ku Scotland titakoka Fiat Panda yathu ndi A-frame (chitsulo chokokera galimoto chooneka ngati chilembo cha A), koma mtima wanga suli m'malo. Tisamale chiyani?

Makanika_Wakale: Mayi, yambani ndi giya ya Panda yanuyo. Ngati ndi ya manual, ikani pa neutral, chiwongolero chisakhale chokiya. Ya automatic musayerekeze, giyabokosi imapsa poti mafuta sazungulira injini ikakhala yozima.

Dalaivala_wa_lole: Kuno ku Britain yokokedwayo imatengedwa ngati ngolo. Ikaposa makilogalamu 750, mabuleki ake azigwiranso. Pa motorway (msewu waukulu wothamangapo magalimoto) musapyole mamailosi 60 pa ola.

Achimwene_a_ku_Hull: Zobwerera m'mbuyo iwalani! Ine ndinayesa pomwetsera mafuta, matayala akutsogolo a galimoto yokokedwayo anakhotera mbali, chitsulo n'kupindika. Muzimasula kaye.