Geji ya kutentha ikunama pa Land Rover Series III

Wamasipanala: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Land Rover Series III yomwe geji yake ya kutentha ikukwera mpaka pofiira, koma madzi sakuwira ndipo sakutha mu redieta. Thermostat ndasintha, sender (kachipangizo kotumiza muyeso ku geji) ndasinthanso, koma zili chimodzimodzi. Mwini galimoto wayamba kundikayikira.

Madala wa Magetsi: Nanga ya mafuta ikuti bwanji?

Wamasipanala: Ikuloza pa hafu pomwe mu thanki muli tochepa. Ndimayesa imeneyo ndi nkhani ina.

Madala wa Magetsi: Ndi nkhani imodzi, achimwene. Mageji awiri akanamira mbali imodzi, asiyeni ma sender, alibe mlandu. Kuseri kwa sipidomita kuli kabokosi kachitsulo, voltage stabiliser. Mageji a kampani ya Smiths amenewa amafuna 10V, osati 12 kapena 14 ya alternator. M'kati mwake muli kachitsulo kamene kamapindika kakatentha, nkumadula ndi kulumikiza moto mosalekeza, kuti pakatikati pazikhala 10V. Kakamatirira, moto wonse umapita ku mageji, mivi nkukwera. Kali ndi polumikiza pawiri: B ndi moto wochokera ku kiyi, waya wobiriwira, I ndi wopita ku mageji.

Wophunzira Ntchito: Ine ndinapimapo pa I ndi multimeter ya manambala, imangodumphadumpha, ndiye ndinakataya kabokosiko.

Madala wa Magetsi: Unataya chamoyo, mphwanga! Kudumphako ndiye ntchito yake. Ikani tesita ya babu pa I kiyi ali on, mudikire pang'ono. Babu likamaphethira, kali bwino. Likangoyaka osazima, pali vuto. Koma musanakaweruze, palani pamene kamamangidwira. Earth yake, njira yobwerera moto ku batire, imadzera pa bokosi lomwelo, ndipo pakachita dzimbiri kachitsulo kaja sikatentha, zizindikiro nkukhala zomwezi.

Mayi Makaniko: Ndiwonjezere. Mukagula kabokosi kachikale ka kachitsulo kopindika kaja, kamangeni choimirira, mbali yolembedwa TOP ikhale kumwamba, apo ayi kamanama. Ine ndinasiya zimenezo. Ndimatsegula bokosi lakale, ndikuikamo 7810, kachipangizo kamakono kotsitsa moto kukhala 10V, ndi ma capacitor awiri, 0.33 ndi 0.1 microfarad. Kunja kumaoneka kakale, koma moto umakhala 10V yosagwedezeka. Chenjezo nlakuti 7810 ndi ya negative earth, magalimoto amene minus ya batire imamangidwa ku bodi. Series III ilibe vuto, koma magalimoto akale a positive earth amaipsereza. Ndipo chotsani kaye batire, kuseri kwa dashibodi sikuchedwa kuthetheka.

Madala wa Magetsi: Za 7810 sinditsutsa, mayi, ngakhale ine ndimakondabe kachikale. Manja anazolowera.

Wamasipanala: Ndabwerako. Ndinapala earth, babu osaphethirabe, ndiye ndatsata njira ya mayi. Pa I pali 10V, muvi wa kutentha ukuima pa N, wa mafuta watsika pafupi ndi E. Chatsala nkuwafotokozera eni ake za sender yomwe ndinawagulitsa pachabe ija.