Shopu ndi ya ine ndi mlamu wanga: tikhalebe pa business name kapena tipange limited?

Wa simenti ku Kamwala

Moni nonse. Ine ndi mlamu wanga tili ndi shopu ku Kamwala, mu Lusaka, timagulitsa simenti, malata, penti ndi misomali. Ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi makampani, tinalembetsa business name, mayina athu tonse awiri alipo. Iye anaika ndalama zambiri, ine zochepa, koma amene ndimakhala m'shopu kuyambira m'mawa mpaka kutseka ndine. Palibe chimene tinalemberana, poti ndi pachibale. Anyamata atatu otithandiza timawalipira pamanja mwezi ukatha. Tsopano amene amatipatsa simenti akufuna azitipatsa pa ngongole, ndipo ena akuti tisasaine kanthu tisanapange limited. Kusiyana kwake n'kotani kwenikweni? Odziwa tithandizeni.

Mlembi wa kwa loya

Akulu, business name ndi dzina chabe. Pamaso pa lamulo, shopuyo ndi inuyo ndi alamu anuwo. Simenti ikapanda kulipidwa, mwini wake sasumira chikwangwani cha pakhomo, amasumira inu, ndipo khoti likagamula, ma bailiff angathe kufika kunyumba kwanu n'kunyamula firiji ndi galimoto. Ngongole imene alamu anu angatenge m'dzina la shopu inu muli ku maliro ku Chipata, nanunso ikukhudzani, ngakhale simunasaine.

Kusalemberanako ndiye kukundidetsa nkhawa kuposa ngongoleyo. Anthu awiri akamachita malonda pamodzi popanda pangano, Zambia imagwiritsabe ntchito lamulo lakale la ku England, Partnership Act ya 1890. Lamuloli limati phindu mugawane pakati ndi pakati, osayang'ana kuti anaika zambiri ndani, ndipo wokhala m'shopu tsiku lonse alibe malipiro pokhapokha mutagwirizana. Choncho alamu anu akhoza kudabwa, inunso mukhoza kudabwa. Limatinso mmodzi akamwalira, ubwenzi wa malondawo watha pomwepo.

Limited ndi munthu payekha pa lamulo, pansi pa Companies Act ya 2017. Imakhala ndi ngongole zake, akaunti yake, katundu wake. Pamafunika madayirekitala osachepera awiri, ndipo theka la iwo azikhala muno m'Zambia, ndiye inu awiri mwakwana kale. Mumayamba ndi kupempha PACRA ione ngati dzina lilibe mwini, kenako mafomu olembetsera kampani, ma NRC, adiresi ya ofesi, ndi kunena eni ake enieni a masheya.

Pa masheya m'pamene muyenera kukhala pansi, tiyi ali patebulo, foni zili chete. Musathamangire 50 kwa 50 chifukwa choopa kukhumudwitsana. Tsiku limene mudzasemphane, palibe adzapose mnzake pa voti, ndipo shopu idzaima. Lembani pangano la eni masheya: amasaina ku banki ndani, ngongole yopitirira ndalama zingati imafuna masiginecha awiri, wokhala m'shopu azilandira zingati pamwezi, wofuna kutuluka ayambe wagulitsa kwa mnzake. Ganiziraninso za imfa. Munthu akamwalira wopanda wilo, Intestate Succession Act ya 1989 imagawa chuma chake motere: ana 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna 20, makolo 20, ena amene ankawasunga 10. Masheya ali m'gulu la chumacho. Mukhoza kudzapezeka mukuyendetsa shopu ndi apongozi.

Wa maakaunti ku Chilenje

Zomwe anena a kwa loya n'zoona, koma ndiwonjezere kuti setifiketi ya PACRA si mapeto. Ambiri amaipachika pakhoma n'kumapitiriza malonda monga kale, ndiye limited ija imangokhala chithunzi.

Kampani imakhala ndi TPIN yake, nambala ya msonkho, ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, yosiyana ndi yanu. Tsegulani akaunti ya banki m'dzina la kampani. Pepala la lendi ya shopu lisinthidwe, apo ayi wochita lendi ndinube. Ziphaso za ku Lusaka City Council, monga business levy ndi fire certificate, nazonso zikhale m'dzina latsopano. Katundu amene ali m'shopu muwerenge thumba ndi thumba, mulembe mtengo wake, zioneke kuti walowa m'kampani tsiku lakuti. Malisiti ndi ma invoice akale a business name musawagwiritsenso ntchito, chifukwa wokukongozani adzati iye ankachita malonda ndi inu, osati ndi kampani.

Ndalama ya mudirowa si ya ndiwo. Mukafuna ya kunyumba, ituluke ngati malipiro kapena gawo la phindu, ndipo ilembedwe.

Za msonkho: malonda ang'onoang'ono ambiri ali pa turnover tax, imene kuyambira 2025 ndi 5 peresenti, ndipo imaperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira. Dziwani kuti imawerengedwa pa zonse zimene mwagulitsa, osati pa phindu. Pa penti sizipweteka kwambiri, koma pa simenti, pamene thumba limasiya kangachepe, muiwerengeretu musanaike mtengo. Mwezi umene simunagulitse kanthu muperekebe nil return, fomu yonena kuti palibe chimene mwagulitsa. Chaka chilichonse palinso annual return, lipoti la pachaka la kampani, ku PACRA, ndipo mukailekerera chindapusa chimaunjikana, mapeto ake kampani imafufutidwa m'kaundula.

Mayi wa za antchito

Ine ndikambe za anyamata atatuwo, chifukwa mlandu wawo ungakufikeni msanga kuposa wa simenti, kaya muli pa business name kaya pa limited. Employment Code Act ya 2019 imati ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira ikhale ndi kontirakiti yolemba. Munthu amene amatsitsa simenti tsiku lililonse chaka chonse si waganyu ayi, ngakhale mumutche choncho.

Alembetseni ku NAPSA, thumba la penshoni: 5 peresenti ichoka pa malipiro awo, 5 ina muika ndinu, ndipo ifike pofika pa 10 mwezi wotsatira. Ku NHIMA, inshuwaransi ya zaumoyo, ndi 1 peresenti iwo, 1 inu. Palinso Workers' Compensation Fund Control Board, yopereka chipukuta misozi wantchito akavulala pa ntchito, imene amalipira ndi bwana yekha. Imeneyi musaiderere m'shopu ya malata: lata likatsetsereka pa lole limadula dzanja ngati mpeni.

Kulipira pamanja si mlandu, mlandu ndi kusowa umboni. Gulani buku, aliyense azisaina tsiku ndi ndalama imene walandira. Tchuthi ndi masiku awiri pa mwezi uliwonse umene wagwira. Ngati kontirakiti ndi ya nthawi yoikika yopitirira chaka, ikatha pamakhala gratuity, ndalama yotsazikira wantchito, yosachepera 25 peresenti ya basic pay yonse ya nthawiyo, ndiye muziipatula mwezi ndi mwezi. Wina akasowetsa matumba, musangoti "usabwerenso mawa". Mulembereni mlandu wake, mumpatse mpata ayankhe, muzilembe. Ku Labour Office funso loyamba lidzakhala lakuti munamumva kodi.

Wa simenti ku Kamwala

Zikomo kwambiri nonse. Ndiye tikapanga limited, nyumba yanga yapulumuka?

Mlembi wa kwa loya

Osati nthawi zonse, akulu. Mabanki ndi ogulitsa zinthu zambiri amadziwa kuti kampani yatsopano ilibe kanthu, ndiye pa fomu ya ngongole amaikapo ndime ya personal guarantee, kawirikawiri kumapeto m'zilembo zing'onozing'ono. Mukasaina pamenepo, mwalonjeza kuti kampani ikalephera mulipira ndinu, ndipo nyumba yabwereranso pangozi. Tengani fomuyo kunyumba muiwerenge, kapena loya aione. Ngati akana kuichotsa ndimeyo, pemphani kuti ikhale ndi malire a ndalama, ndiponso kuti musaine nonse awiri, osati inu nokha chifukwa choti ndinu amene anakupezani m'shopu. Ngongole zakale za business name nazo sizisamukira ku kampani zokha. Zimakhala zanube mpaka mwini ndalamayo atavomera polemba.