Thandizeni: msilikali wa 16th Royal Scots amene anafa ku Somme mu 1916

Moni nonse pagulu pano, makamaka inu okhala ku Scotland kuno.

Ndakakamira pa nkhani ya apongozi anga aakazi. Mchimwene wa agogo awo analowa batalioni ya 16th Royal Scots, ija Sir George McCrae anaisonkhanitsa ku Edinburgh mu November 1914, momwe munalowanso osewera mpira a Hearts. Kubanja amati anafa pa 1 July 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme ku France, chakufupi ndi mudzi wa Contalmaison. Chimene tili nacho ndi chimendulo chamkuwa chozungulira chomwe boma linkatumizira anamfedwa. Amachisunga m'kachitini ka mabisiketi, chokulunga m'mpango. Palembedwa dzina lokha basi, popanda nambala kapena udindo.

Ndafufuza pa webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, koma a dzina limeneli mu Royal Scots alipo angapo. Ndinapitanso ku Scottish National War Memorial ku Edinburgh Castle kukatsegula mabuku a mayina a asilikali ofera kunkhondo, n'chimodzimodzi. Fayilo yake ya usilikali sikupezeka; ambiri mwa mafayilowa anapsa ndi mabomba ku London mu 1940.

Ndiye ndifunse: popanda nambala, ndingamusiyanitse bwanji ndi anzakewo? Buku la zochitika za tsiku ndi tsiku la batalioniyi, lomwe lili ku National Archives ku Kew, limatchula asilikali wamba kapena mabwana okha? Mayiwa akalamba, ndipo akufuna kudziwa ngati kuli manda kapena dzina langolembedwa pachipilala cha Thiepval (chokumbukira asilikali opanda manda odziwika) tisanagule matikiti a ku France.