Mabuku a akaunti a mwana wathu, tigule kapena ayi?

Azakhali a ku Ndirande: Odi kuno abale. Mwana wanu uja wabwera ndi pepala la mabuku anayi oti akhale nawo chaka chino ku MUBAS. Dzulo ndazungulira mashopu mu Blantyre muno, buku limodzi lokha la akaunti likudya ndalama ya thumba la fetereza. Ndalama tinasonkha ija siingakwanire mabuku ndi laputopu pamodzi. Ndithandizeni maganizo.

Achimwene a ku Johannesburg: Laputopu, azakhali. Manotsi masiku ano amatumizirana pa WhatsApp, ndipo asayimenti amafuna yotayipa.

Amalume: Musathamange. Ine ndagwira ntchito ya akaunti zaka zambiri, buku langa la ku Poly ndikadali nalo, chikuto chinachoka kalekale koma masamba onse alipo. Debiti ndi kirediti sizinasinthe. Magetsi akazima usiku wa mawa lake mayeso, buku umaliwerenga ndi tochi. Manotsi a mphunzitsi amakupatsa zoti ukhoze, buku limakupatsa mafunso ambirimbiri oti uyeserere mpaka dzanja lizolowere.

Alamu: Amalume, mundilole ndiyankhe monga munthu amene wavutika kufuna ntchito posachedwapa. Ndinamaliza digiri yanga ndi mabuku onse, bambo anachita kugulitsa mbuzi. Ndinakhala pakhomo zaka ziwiri ndikungotumiza makalata. Tsiku lina kampani ina inandiitana ku intaviyu. Anandikhazika pa kompyuta, n'kundipatsa sitetimenti ya ku banki ndi kashibuku, akuti zigwirizanitse mu Excel, mphindi makumi atatu. Papepala ndinkazidziwa bwinobwino, koma manja anali kunjenjemera, sindinkadziwa n'komwe poyambira fomyula. Ntchito anatenga mtsikana amene anazolowera mapulogalamu a pakompyuta a Sage ndi Excel ali pasukulu. Ine zimenezi ndinadzaziphunzira ku intenishipu ya boma ija inayamba mu 2018. Mpaka lero zimandiwawa.

Amalume: Pepani alamu, zimenezo n'zoona. Koma wodina mabatani osamvetsa chifukwa chake sachedwa kugwidwa nthawi ya oditi.

Azakhali a ku Ndirande: Nanga mabuku akale ogulitsa m'misewu aja? Ndinawaona otsika mtengo.

Amalume: Apo ndiye musamale. Buku loyambira akaunti, lakale lilibe vuto. Koma la malipoti a zachuma, ayi. Malamulo a IFRS, amene ndi malamulo apadziko lonse a kalembedwe ka malipotiwa, amasintha: IFRS 16 inayamba kugwira ntchito mu 2019 ndipo inasintha kalembedwe ka katundu wochita lendi. Buku la m'mbuyomo limuphunzitsa zomwe zinatha ntchito. La msonkho ndiye musagule n'komwe ngati lili lakunja, chifukwa likamba za msonkho wa ku Britain. Iye akufunika lamulo la msonkho la kwathu kuno, Taxation Act, ndi zomwe a MRA amalengeza bajeti ikadutsa ku Nyumba ya Malamulo.

Achimwene a ku Johannesburg: Ndipo kumbukirani kuti mabukuwa amachokera kunja. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa ndi dola chinakwera. Komanso digiri si mathero. Akamaliza adzafuna mayeso a mabungwe a akatswiri a akaunti, ICAM kapena ACCA, kuti olemba ntchito amuyang'ane kawiri, ndipo kumeneko kuli mabuku akenso ndi malipiro ake. Tisamalize mphamvu chaka choyamba.

Mwana wa ku MUBAS: Zikomo nonse makolo anga. Ndinkangowerenga mwakachetechete. Amalume, buku loyambira lija ndimalifunadi, chifukwa ndimamvetsa bwino ndikamalemba ndi pensulo m'mbali mwa tsamba. Enawo tagwirizana ndi anzanga awiri kuti aliyense agule limodzi, tizibwerekana. Koma laputopu ndiye ndikuvutika nayo, asayimenti yapitayi ndinatayipa pafoni mpaka 2 koloko usiku.

Amalume: Ukanayamba ndi mawu amenewo, mwana iwe. Buku loyambiralo usagule, langa lija ndikupatsa. Muli zolembalemba zanga m'mbali, uziwerenge nazonso.

Alamu: Laputopu ikabwera, Loweruka lililonse uzibwera kwathu, ndizikuonetsa Excel pogwiritsa ntchito masitetimenti akale a golosale yathu.

Azakhali a ku Ndirande: Chabwino. Mawa ndipita ku Limbe kukaona malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito. Achimwene, ndikakuimbirani ndili m'shopu momwemo, mukandiuze poyang'ana batire, ine sindizidziwa zimenezi. Ndalama yotsalayo ndimugulira buku limodzi la gawo lake lija.